Tsache la a Florência

Nditabwerera ku Chifunde, patatha zaka makumi atatu ndili ku Lusaka, ndinapeza mitengo ya mango ya kwathu itadulidwa, anzanga ambiri ali kumanda. Chimene chinatsala monga ndinachisiyira ndi kanjira kokhotakhota kodutsa kuseri kwa msika n'kukatulukira pachipatala. Alongo anga aakulu, a Florência, amadzera m'menemo Lachiwiri lililonse ndi ndodo yawo, kukatsukitsa bala la pamwendo. Akachoka dzuwa likutuluka, amafika thukuta lisanayambe.

Kenaka kunabwera Flávio, tekiniku wachinyamata woyeza malo wochokera ku Tete, kudzayeza malo a bairu yatsopano, dera lomangapo nyumba. Papepala lake panali misewu yowongoka, yotakata moti malole awiri n'kupatukana bwinobwino. Zikhomo za malo a nyumba zitatu anazikhoma pakanjira pomwepo. Kuti afike kuchipatala, a Florência akanayenera kuzungulira kumsewu waukulu, ulendo wa ola lathunthu padzuwa, ndipo mwendo uja sukanalola.

Pamsonkhano wa mudzi wokambirana za nkhaniyi ndinalankhula ine. Ndinawauza za komboni imene ndinakalambira, kumene ngakhale mchere umafuna minibasi, ndi za mizinda ya kunja imene ikulira lero chifukwa inapereka misewu yonse kwa magalimoto. Flávio anamvetsera mwaulemu, n'kuyankha kuti magalimoto akubwera, mudzi uyenera kuwakonzekera. Wina kumbuyo anafunsa kuti galimoto langa ndinaliimika kuti, poti anandiona ndikutsika basi ndi chikwama chimodzi. Anthu anaseka. Mabuku onse amene ndinawerenga anathera pamenepo.

M'mawa mwake a Florência anandidzutsa, tsache lili m'manja. Anasesa kadera kopingasa msewu watsopano wa Flávio, umene unali utangolambulidwa, mpaka dothi linasalala ngati ufa, kenaka anakasesanso chimodzimodzi pakanjira. Nditawafunsa, anati atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ankasesa kuzungulira nyumba tsiku lililonse kuti adziwe amene wadutsa.

"Iwe sungadziwe," anatero. "Unali ku Lusaka, ukuwerenga."

Dzuwa lili paliwombo anatuma mawu kwa Flávio. Anabwera pa mota yake, njinga yamoto. A Florência anayamba kumuonetsa pamsewu. Panali mzere umodzi wa tayala, ndi mapazi a mbuzi.

"Tayala ili n'la yani, mwana wanga?"

Flávio anayang'ana tayala la mota yake.

"Ndiye msewuwu mwakonzera inu ndi mbuzi. Tiyeni uko."

Pakanjira dothi silinkaonekanso. Mapazi anali atapondana okhaokha, ndipo a Florência anawawerenga ndi nsonga ya ndodo: timapazi ta ana a sukulu, matayala a njinga yolemedwa ndi makala, nsapato za namwino, mapazi a mayi wosenza madzi amene zidendene zake zimalowa pansi. Anamuonetsanso timaenje tozungulira m'mbali, nanena kuti timeneto ndi ta ndodo yawo.

Flávio anatulutsa pepala lake, naliyang'ana nthawi yaitali. Anati akuluakulu ake amufunsa za nyumba zitatu zija. A Florência anamuuza kuti awabweretse, tsache lilipo.

Sanawabweretse. Anakhala pachitsa n'kujambulanso, kusuntha malo a nyumbazo kuti kanjira kadutse pakati pawo, kotakata mapazi asanu ndi limodzi, mitengo ya masau yosiyidwa m'mbali. Zikhomo anazula yekha. Asananyamuke anafunsa, mawu ali pansi, ngati kuli tinjira tina totere kumene anayeza kale. A Florência anamutchulira tiwiri, ka kuchigayo ndi ka kumjigo, ndipo anamubwereka tsache.

Lachiwiri lotsatira ndinawaperekeza kuchipatala. Aliyense amene tinakumana naye anaima kuwapatsa moni, ena kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Ine ndinali pambuyo, nditanyamula kabuku kawo ka kuchipatala. Tinafika thukuta lisanayambe.