Mlambe wa Abiti Iddi ndi Alendo Mazana Anayi

"Usaulembe mtengo umenewu, Zakia. Pepala lilibe chitseko, aliyense amangolowa."

Abiti Iddi adanena mawuwa ataima pansi pa mlambe, chala chikuloza foni ya mdzukulu wawo. Pamwamba, pomwe nthambi ziwiri zidasiyanirana, njuchi zinkalowa ndi kutuluka m'mphako mosalabadira za anthu.

"Ndipo mafuta wadzolawo akununkhira mpaka kumsewu. Njuchi sizigwirizana nazo zimenezo. Uona."

"Anganga, kwa inu chilichonse n'choopsa," adaseka Zakia. "Kabaza ngoopsa, foni njoopsa, ngakhale ambulera mumati aitana mphezi."

Adajambula, nalemba.

Zakia adali atapeza ntchito ku gulu la ofufuza za njuchi. Ankayenda m'minda ndi m'tchire la kumtunda kwa Malindi, akaona njuchi yatera pa duwa n'kujambula, n'kulemba dzina la mtengo, mwezi ndi malo. Zonsezo ankaziika pa intaneti kuti wofuna atenge ulere. Mayina ambiri adamuuza ndi agogo ake omwewo, amene sadapondeko m'kalasi koma ankadziwa kuti masau amachita maluwa liti, bwemba liti, ndiponso kuti tchire likauma njuchi zimathamangira ku msangu.

Mlambewo ndiwo udali nkhani ina. Malemu amuna awo, Che Yunus, adafulamo uchi zaka makumi atatu, ndi utsi wochepa, n'kumasiyira njuchi theka la zisa. Tsopano ankafula ndi mwana wawo Ibrahimu, kamodzi pachaka. Uchi umenewo ndiwo unkachiza chifuwa cha adzukulu, ndiwo ankayamba kulawa pomasula swaumu mwezi wa Ramadani. Ndipo Abiti Iddi sadaiwale za mlambe wina wa kutsidya kwa khwawa. Anthu achilendo adaumva mbiri, adabwera ndi moto wa matayala, njuchi zidapsa zonse, mtengo n'kufuka masiku anayi mpaka kugwa ngati njovu.

Chaka chidatha. Tsiku lina masana Zakia adafika pakhomo akuthamanga, mpango uli pambali.

"Anganga, atiwerengera! Anthu mazana anayi ndi khumi ndi awiri atenga zolemba zathu. Ena a ku Zomba, ena a ku Kenya, ena kutali kwa azungu!"

Abiti Iddi adasiya kupeta mpunga.

"Zolemba zonse?"

"Zonse!"

"Ndi mtengo uja?"

"Eya, zonse zili pamodzi. Abwana akuti ntchito yathu yapindula."

Mtsikanayo adalowa m'nyumba akuimba. Agogo adatsala lichero lili pamiyendo, nkhuku zikutola mpunga osaziingitsa. Manambala a papepala sankawadziwa, koma anthu mazana anayi ankawadziwa: ndi khamu la pabwalo tsiku la Idi, amuna kutsogolo, akazi kumbuyo, ana pamwamba pa mpanda. Khamu lonselo tsopano linkadziwa njira ya ku mlambe wa Che Yunus. Chowawa kwambiri n'chakuti adamulondolera okha mwanayo, pofuna kumuonetsa kuti nawonso ali ndi chimene a sukulu alibe.

Agogo sadamufunsenso kanthu Zakia. Kuyambira m'mawa mwake, akangoswali, ankanyamula mkeka ndi ndodo n'kukakhala pansi pa msau, pomwe njira yonse ya ku mlambe inkaonekera. Mayi wina wotola nkhuni adamubweza. Bambo wina wosenza makwerero adamupanikiza ndi mafunso mpaka adalumbira kuti akukakhoma malata kwa mlamu wake. Kumadyerero a ukwati wa mwana wa mnansi wawo, Abiti Muhammad, sadapite. Chitenje chidayamba kuzungulira kawiri m'chiuno.

"Amayi, mukulonda chiyani?" adafunsa Ibrahimu.

"Ukadzaona utsi udzadziwa."

Sabata yachitatu, Lachinayi, njinga yamoto idaima panjira. Adatsika Zakia ndi mwamuna wamtali wovala chipewa, chikwama kumsana. Abiti Iddi adaimirira, ndodo patsogolo.

"Woyamba ndi ameneyu? Enawo ali kuti?"

"Anganga, awa ndi a Nathaniel, amene amatiyang'anira pantchito."

Mlendoyo adavula chipewa, nanjuta, napereka moni wa manja awiri. Adati akuyendera onse amene adathandiza pa kafukufuku, kuti amve ngati kugawana zolembazo kwasintha kanthu pa moyo wawo.

"Kwasintha," adatero agogo. "Lembani. Ndaonda. Mpunga wanga wadyedwa ndi nkhuku. Ukwati wa mwana wa Abiti Muhammad ndaumvera kuno kutchire. Mwauza anthu mazana anayi pomwe pali njuchi za amuna anga, ndiye mukufunsa ngati kwasintha?"

Nathaniel adayang'ana Zakia. Zakia adagwira pakamwa.

"Anganga! Ndiye n'chimene mumakhalira kuno? Ine ndimayesa mukuthawa phokoso la ana!"

Mlendoyo sadaseke. Adakhala pamphepete pa mkeka, natsegula kompyuta, naitembenuzira kwa agogo.

"Amayi, awa ndi mapu amene anthu aja amaona. Kobiriwiraku ndi kumtunda. Uku ndi kunyanja. Kadontho kofiira aka ndiye mlambe wanu."

Abiti Iddi adawerama, natsinzinira diso limodzi. Kadonthoko kadali pakati pa madzi, kutali ndi gombe.

"Mwati uwu ndi mtengo?"

"Ndi umenewo."

"Apatu ndi pomwe asodzi amakaponya chilimira. Palibe ngakhale bango."

"Zoona. Zakia atangoyamba ntchito adatifotokozera za mlambe uja udapsa. Adakana kutipatsa malo a zisa mpaka titagwirizana kuti chisa chilichonse tizichisuntha pa mapu makilomita angapo. Malo enieni amatsala m'buku lokhoma ku ofesi. Ena timadontho tawo tidagwera m'phiri, kanu kadagwera m'nyanja."

Agogo adayang'ananso kadonthoko. Kenaka mapewa adayamba kugwedezeka.

"Ndiye wobwera ndi moto wake abwereke bwato?"

"Abwereke bwato, amayi."

"Alihamudulila! Akafule uchi kwa usipa!" Adaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Atapuma adatembenukira kwa mdzukulu wawo. "Nanga iwe osandiuza bwanji?"

"Inu mudandifunsa? Safunsa adadya phula, Anganga."

"Taonani mwana wopanda mwambo, akundiponyera mwambi wa njuchi pansi pa njuchi zanga zomwe." Koma dzanja lawo lidali litagwira kale bondo la mtsikanayo, ndipo silidachoke.

Patapita kanthawi nkhope idakwinyikanso. "Nanga ngati sakufuna uchi, anthu onsewo akufuna chiyani?"

Nathaniel adati funso limenelo ndi lomwe lidamuyendetsa, chifukwa nambala payokha siinena kanthu: wina amatenga zolemba n'kuziiwala. Adalembera makalata onse amene adasiya adiresi, ndipo adayankha ndi makumi atatu okha. Ambiri ankafuna mndandanda wa mitengo ndi miyezi yake. Adawerenga kalata imodzi, yochokera ku gulu la amayi owamba nsomba cha ku Makanjira. Amayiwo adapachika ming'oma, koma chaka chilichonse tchire likauma njuchi zinkathawa. Mlangizi wawo atawawerengera mndandandawo, adazindikira kuti misangu imene ankadula yowambira nsomba ndiyo idali nkhokwe ya njuchizo. Adaleka kudula. Chaka chino ming'oma isanu ndi umodzi mwa isanu ndi itatu idakali ndi njuchi.

"Za msanguzo ndidanena ndine," adatero agogo motsitsa mawu.

"Dzina lanu lilipo, pansi pa mndandanda."

"Dzina langa? Lifufuteni! Ayi, dikirani." Adaganiza. "Lisiyeni. Koma nalonso muliike m'madzi."

Asananyamuke, Nathaniel adapempha chithunzi cha maluwa a kachitsamba kena kapafupi ndi mlambe, choika mu lipoti. Zakia adadumpha ndi foni.

"Mafuta aja wadzolanso," adachenjeza agogo. "Ndikuwamva ndili pano."

"Chaka chonse sizinandilume, Anganga!"

Sipadapite nthawi. Kudamveka kukuwa, foni idagwa mu udzu, ndipo Zakia adabwera akuthamanga atagwira kumaso. Abiti Iddi adamukhazika pamkeka, namugoneka mutu pamiyendo pawo, nachotsa mbola pachikope ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, monga ankawachitira Che Yunus.

"Imodzi yokha," adatero. "Zakuchitira ulemu."

Pobwerera kumudzi, diso la Zakia lidali litatupa ngati bwemba wonyowa, ndipo ankayenda atagwira nsonga ya chitenje cha agogo ake. Abiti Iddi adali patsogolo, mkeka pamutu, akufunsa ngati kwa Abiti Muhammad kudatsalako mpunga wa ukwati. Ndodo ija adaiiwala pansi pa msau, ndipo sadaibwerere.