Medson Abwerera pa Chiwongolero

Medson Makwinja anali dalaivala wa lole yotuta matabwa kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba. Tsiku lina akumanga katundu, chipika chinagubuduka pa lolepo n'kumumenya m'mutu. Anatsitsimuka ali kuchipatala, osadziwa kuti wafikako bwanji.

Bala linapola msanga, koma mutu sunabwerere mwakale. Phokoso la wailesi linkamutopetsa. Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi, sankatolapo kanthu. Masana ankangogona kuchipinda, mkazi wake Perpetua atatseka mawindo, ana akuyenda monyang'ama m'nyumba yawo ku Chinamwali.

Patapita miyezi yambiri, dokotala anamuyeza maso ndi changu cha manja, n'kumulola kuyesa kuyendetsa galimoto yaing'ono, m'mawa wokha, pali munthu pambali pake.

"Mukangomva kutopa, imani," anatero dokotalayo. "Musadikire kuti mutu uyambe kupweteka."

Loweruka mlamu wake Dickson anabwera ndi pikapu yake n'kukwera naye mpaka ku damu la Mulunguzi, komwe msewu unali zii. Kumeneko anasinthana mipando. Manja a Medson ankakumbukira zonse. Anazungulira m'nkhalango ya paini, kenako anatsika phiri pang'onopang'ono, giya ili yotsika, kona iliyonse akuidziwa ngati kale.

"Ndifike nayo kunyumba," anatero atafika m'tauni.

Dickson anamuyang'ana kanthawi, koma anavomera.

Pamsika wa Chinamwali zinthu zinasintha. Minibasi inkaliza hutala kumbuyo, kondakitala akuitanira anthu, mayi wosenza nthochi akuwoloka osayang'ana. Medson ankawaona onsewo, koma mutu unkachedwa kusankha woti ayambe kumusamala. Wakabaza wina anadutsa kutsogolo kwake. Anaponda buleki mochedwa pang'ono, ndipo njingayo inapulumuka mwamwayi. Wakabazayo anatukwana n'kumapita.

Medson anaimika galimoto pambali n'kuzimitsa injini. Malaya anali atanyowa kumsana.

"Tatsala pang'ono kufika, alamu," anatero Dickson.

"Ndikudziwa. Bwerani mukhale kuno."

Kunyumba anapeza Perpetua ali pakhonde, zovala zomwe ankachapa zikadali m'beseni.

"Zayenda bwanji, bambo a Ella?"

"Kuphiri ndayendetsa. Pamsika ndalephera."

"Aima okha, achemwali," anatero Dickson. "Ine sindinawauze."

Medson analowa kuchipinda, anavula nsapato, n'kugona mpaka dzuwa linapendeka. Atadzuka, Perpetua anamubweretsera madzi akumwa n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Nayenso ankaoneka wotopa.

"Lole ija ndaisiya," anatero Medson. "Mawa ndikawauza abwana kuti asandidikirenso."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza. Ndikanakhala ndi matabwa kumbuyo, munthu uja sakanafika kwawo."

Anapitiriza kuyeserera Loweruka lililonse, Dickson ali pambali. Masiku ena ankayenda bwinobwino, ena ankabwerera asanafike patali. Mvula itayamba, dokotala anamulola kuyenda yekha maulendo afupi. Dickson anamupatsa ntchito yotsitsa mbatatesi za alimi a kuphiri m'mamawa, misewu isanadzaze.

Ntchitoyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya lole, ndipo anzake akale akamudutsa amamuimbira hutala momumvera chisoni. Iye amangokweza dzanja. Dzuwa likafika paliwombo, amabweza makiyi kwa mlamu wake n'kubwerera kunyumba wapansi kukagona.