Jamu wa Mayi Stojanka

Mayi Stojanka anathyola mabulosi m'minda ya eni zaka makumi atatu, koma atakalamba penshoni yawo sinkawalola kugula ngakhale kabokosi kamodzi ka mabulosi abwino. Choncho Loweruka lina anapita kumsika wa mumzinda wa Čačak dzuwa litapendeka, ogulitsa akulongedza.

"Zoran, mwanawe," anaitana wogulitsa wina, "mabokosi ali pansiwo ukupita nawo kuti?"

"Mabulosi amenewo aphwanyika, mayi. Ndi a nkhumba."

"Ndiye nkhumba yake ndine. Tchula mtengo wa nkhumba."

Zoran anaseka, nawapatsa mabokosi anayi pamtengo wa limodzi.

Mabulosi ofewa sagonetsa, ndipo firiji yawo inali yaing'ono. Atafika kunyumba, anasonkha moto pabwalo la nyumba yosanja imene ankakhala, naterekapo chimphika cha jamu. Posakhalitsa anatsika bambo Vukašin, woyang'anira nyumbayo, pepala la malamulo lili m'manja.

"Mayi, moto pano ndi woletsedwa. Zimitsani."

"Lamulo lakolo lidzandidyetsa chisanu chikafika?" anafunsa mayiwo, osasiya kutakasa. "Zimitsa wekha. Koma uyambe wandinyamula ine."

Bambo Vukašin anakweza maso. M'mazenera monse munali amayi akuwayang'ana. Mmodzi anakuwa, "Anzanga, musaphule! Ndikubwera ndi shuga!"

Bamboyo anapinda pepala lija nabwerera m'nyumba. Pofika madzulo, mabotolo khumi ndi awiri a jamu anali atandanda pansi pa bedi la mayi Stojanka, pamalo pozizira, ndipo manja awo anakhala ofiira masiku atatu.