Khadi la Munthu Wozondoka

Ine makhadi a Mayi Ermelinda sindinawakhulupirirepo, ndipo mwiniwakeyo ndinkadana naye kuyambira tili atsikana. Koma akakuitana kukadya kwake sunkakana. Mwamuna wake anali kapitawo wa makina opota silika a m'mbali mwa ngalande, ndipo theka la msewu wathu kuno ku Bologna linkadyera m'manja mwake.

Makhadi athu a tarokino amenewa poyamba sanali oombezera ayi. Akuti anayambira m'nyumba za mabwana a ku Milano ndi ku Ferrara, anthu osowa chochita, amene ankalemba ganyu amisiri kuti awajambulire Dzuwa, Mwezi, Imfa ndi Mdyerekezi pa timapepala tosewerera. Mpaka lero amuna athu amangowamenyetsa patebulo m'nyumba za mowa uku akutukwanizana. Ndi azimayi ngati Ermelinda amene anatulukira kuti zithunzi zimenezi zimaopseza munthu kuposa ulaliki wa wansembe.

Mnzanga Pellegrina anali ndi mwana mmodzi yekha, Teodora, mtsikana wamanyazi amene anabadwa ndi kamzere ka imvi pamphumi. Petronio, mwana wa Ermelinda, anamukonda mtsikanayu mochita kupenga naye. Ermelinda analetsa, analira, anadwala dala, koma mnyamata anakakamira. Kenako mwadzidzidzi mayi uja anavomera, n'kunena kuti phwando la chinkhoswe likachitikira kwake. Ine ndinakayika pomwepo, chifukwa fisi sasiya fupa popanda chifukwa.

Vuto linali bambo ake a Teodora. Gaspare anali mmisiri wa makina a silika, ndipo mwana ali kubere anathawira kumzinda wina kukagulitsa chinsinsi cha makinawo. Kuno munthu wotere sitimukhululukira. Akakhala kuti wathawa ndipo sagwidwa, amamujambula pakhoma la pabwalo lalikulu atamangidwa mwendo umodzi, mutu uli pansi, dzina lake n'kulilemba m'munsi. Gaspare anamujambula choncho. Mvula inafufuta chithunzicho m'kupita kwa zaka, Pellegrina anasamukira kumsewu wathu, ndipo mwana anakula akudziwa kuti bambo ake anamira m'ngalande populumutsa mnzawo. Ife akuluakulu tinkadziwa zoona, koma tinatseka pakamwa. Bungwe la opota silika nalonso linkayang'ana kumbali malinga nkhaniyo isatchulidwe poyera. Itangotchulidwa, mwamuna wokwatira mwana wa Gaspare sakanaloledwanso kugwira makina mumzinda muno.

Linali Lamulungu masana. Tinadya tortelini, timitanda ta ufa toika nyama m'kati tophikira m'msuzi, mpaka mimba kuuma, vinyo akungothiridwa. Teodora anavala diresi lobiriwira limene mayi ake anasoka ndi maso awo ofooka aja, ndipo Petronio ankangomuyang'ana ngati sanaonepo mkazi. Mbale zitachotsedwa, Ermelinda anatulutsa makhadi atsopano, onunkhira utoto.

"Ndachita kukonzetsa kwa Zanino, mmisiri wodinda makhadi uja," anatero akumwetulira. "Mpongozi wanga sindingamuombezere ndi makhadi othimbirira ngati a m'nyumba za mowa."

Mwambo wake pa phwando lotere ndi wakuti mkazi aliyense amatola khadi limodzi, anzake n'kumuseka nalo. Ine ndinatola Nkhalamba, ija yoyendera ndodo.

"Ee, Orsola, yakupezani yanu!" anakuwa mlamu wake wa Ermelinda. "Mwamuna uja mwakhala mukumudikira ndi ameneyu!"

"Bola ameneyu ali ndi ndodo," ndinamuyankha. "Wanu uja amayendera khoma."

Anthu anaseka mpaka kutsamwa. Mkazi wa wophika buledi anatola Mwezi, akuti n'chifukwa chake sagona pakhomo. Ngakhale Pellegrina, amene tsiku lonse anali ngati wakhalira minga, anamasuka n'kuyamba kuseka.

"Tsopano mkwatibwi," anatero Ermelinda. "Sendera kuno, mwanawe. Usaope, mapepala saluma."

Anasankha Mfumukazi ya Ndodo n'kuiika pakati pa tebulo. "Uyu ndiwe. Dula ndi dzanja lamanzere, ndilo la kumtima." Teodora anadula. Mayi uja anagawa makhadi m'milu isanu kuzungulira mfumukazi ija, zala zake zikuthamanga moti diso silikanatsatira. Amene anaonapo anthu otchova juga akudziwa kuti zala zotere zimaika khadi pamene zafuna.

Anatsegula mulu wa kumanja. "Kuno ndi kumene ukupita. Chikondi! Mwaona inu?" Azimayi anaululutira. Anatsegula wa pamwamba. "Izi ndi zimene ukuganiza. Dzuwa. Mtima woyera, mwana wopanda chinyengo." Wa kumanzere munatuluka Ngolo, akuti ndi ulendo wochoka kwa amake. Wachinayi munali Nyenyezi, akuti mphatso. Teodora nkhope inawala, n'kucheukira Petronio.

Unatsala mulu wa kumapazi kwa mfumukazi.

"Uwu ndi katundu amene mkazi amalowa naye m'nyumba ya mwamuna," anatero Ermelinda, mawu atatsika. "Zochokera kumtundu kwake. Umenewu ine sindigwira. Tsegula wekha."

Teodora anatembenuza khadi. Anali Mthirakuwiri, munthu uja womangidwa mwendo umodzi, mutu uli pansi. Khadi limeneli lili m'makhadi onse, ndipo linachokera ku zithunzi za pakhoma zomwe zija. Koma nthawi zonse nkhope yake imakhala ya munthu wosadziwika. Uyu m'dzanja anali atagwira mpukutu wa ulusi wa silika, ndipo m'tsitsi lake lolendewera Zanino anali atasiyamo kamzere koyera, kooneka bwino.

Akuluakulu tonse tinamuzindikira munthuyo. Mwanayo yekha ndiye sanadziwe kanthu.

"Ayi, wosauka iwe," anatero akuseka, "magazi athera kumutu. Dikira ndikuimike." Anazunguliza khadilo kuti mutu ukhale m'mwamba, n'kuliyang'anitsitsa. "Amayi, taonani! Ali ndi imvi ngati zanga. Paja munati bambo analinso nazo pomwepa?"



"Zoona?" anafunsa Ermelinda ngati wodabwa. "Bambo ako anali nazo? Abale inu, makhadi sanama. Pellegrina, tatiuzani, mwamuna wanu uja dzina lake paja ndani? Ndaiwala ine, ukalamba."

"Ermelinda, opani Mulungu," ndinatero.

"Inu Orsola khalani chete, mwakhuta zanga."

Koma mlamu wake uja, vinyo atamukwera, anali atayamba kale kugwedezeka ndi phwete. "Ndi Gaspare ameneyo! Gaspare weniweni, wa pakhoma uja! Ndiye mwanayu wamuimika, akuti magazi athera kumutu!"

Kuseka kwake sindidzakuiwala. Ena ankaseka chifukwa cha mantha, ena chifukwa bwana wawo anali pomwepo, koma ena ankaseka chifukwa zinawakomera basi. Teodora ankayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kumwetulira kuja kudakali pakamwa, kudikira kuti wina amufotokozere nthabwala yake.

"Bambo anga anamira m'ngalande," anatero pang'onopang'ono.

"Anamira mu ndalama za alendo, mwanawe," anayankha Ermelinda. "Ali moyo, akuti ananenepa, ali ndi ana ena kumeneko. Ine ndimaganiza kuti amako anakuuza."

Mtsikana anatembenukira kwa Petronio. Tonse tinatembenukira komweko. Mnyamata uja amene ankalumbira kuti adzafera pa Teodora anayang'ana bambo ake, kapitawo wa makina, amene anali atapinda manja pachifuwa. Kenako anayang'ana m'kapu yake ya vinyo, ndipo sanadzutsenso mutu. Ndinalakalaka kumuswa ndi mbale.

Teodora sanalire. Anatola khadi lija, n'kulilowetsa m'diresi pachifuwa, n'kutuluka osatsanzika. Mayi ake anamutsatira akudzandira, akuitana dzina lake m'khonde monse, koma mwana sanacheuke.

Madzi akatayika saoleka. Mawa lake wantchito wa Ermelinda anafika pakhomo pa Pellegrina ndi uthenga wakuti chinkhoswe chatha, komanso kuti abweze khadi lija chifukwa makhadi a mayi aperewera. Teodora anamutsekera chitseko pamphuno. Ermelinda sanadandaule, anangotumiza kwa Zanino kuti amudindire lina.

Apa m'pamene panagona nkhanza yeniyeni, imene mwina ngakhale mwiniwakeyo sanaiganizire, ngakhale ndikukayika. Makhadi amadindidwa ndi thabwa losemedwa, ndipo mmisiri sataya thabwa labwino. Zanino anapitiriza kudinda nalo. Pofika nyengo ya zikondwerero, Gaspare anali m'nyumba ya mowa iliyonse mu Bologna. Chithunzi cha pakhoma chija mvula inachifufuta, koma ichi chinkayenda m'matumba a anthu. Amuna akamaponya khadilo patebulo ankakuwa kuti, "Nawa apongozi a Petronio!" Anyamata a mumsewu akaona Teodora akupita kukatunga madzi ankaima ndi manja, miyendo m'mwamba. Mtsikanayo anayamba kuvala mpango wophimba mphumi ngakhale kotentha. Petronio anakwatira mwana wa wogulitsa nsalu chaka chisanathe, ndipo pa chinkhoswe chawo makhadi anatulutsa zokoma zokhazokha.

Ine ndimapitabe kwa Pellegrina, ndimawatengera buledi. Amakhala awiriwiri m'kachipinda kamodzi, ndipo kuyambira tsiku lija Teodora sanawalankhulepo mayi ake. Amaphika, amawapakulira, amawachapira, koma mawu ayi. Khadi lija analiika pa shelefu pafupi ndi kandulo ya Maria, mutu uli m'mwamba. Ndicho chithunzi chokha cha bambo ake chimene anachionapo.

"Azakhali," anandiuza Teodora tsiku lina mayi ake ali pomwepo, "mukamuimika chonchi amaoneka ngati akuvina ndi mwendo umodzi. Kodi ankadziwa kuvina?"

Pellegrina ndiye anavinapo naye munthuyo, ndiye anasiyidwa ndi khanda kubere, ndiye ananyamula bodza lija zaka zonsezi kuti mwana akule mutu uli m'mwamba. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mwana anali atatembenuka kale kuyang'ana kuzenera.

M'mawa uliwonse Teodora akapita kumadzi, Pellegrina amadzuka n'kulizondotsa khadilo, mutu pansi, mmene mzinda unamuweruzira mwamuna wake. Teodora akabwera amatula mtsuko, n'kuliimikanso. Kucheza kwa mayi ndi mwana kumene kunatsala m'nyumba imeneyo n'komweko.