Njenjete za Paphewa la Uladi

Hidaya anapotokola kiyi, thalakitala n'kungoti kete, kenako zii. Anatsika natsegula bokosi la batire. Pamitu pa batirepo panali pataundananso ufa uja woyera mobiriwira, pansi pa bokosi pali chinyezi, chitsulo chikudyeka.

Thalakitalayo inali ya kalabu ya alimi a ku Nkope, ndipo Hidaya anaiyendetsa chimwalirireni bambo ake, amene anamugwiritsa chiwongolero asanathe n'komwe msinkhu. Amuna ena sizinawakomere, koma ankasowa pogwira. Tsopano anali atapapeza.

"Mayi a Nasra," anatero Che Sumani, wapampando wa kalabu, pomutchula Hidaya ndi dzina la mwana wake, "mvula ili pakhomo, minda ya anthu sinalimidwe. Ikapanda kulira Lachisanu tikamatuluka ku swala mu mzikiti, makiyi tipatsa mwamuna. Makina safuna manja ozolowera musi."

Mawuwo anamuwawa Hidaya, koma chimene chinamusowetsa mtendere chinali china. Lamba wa alitaneta anali wokungika bwino, ndipo kanyali kofiira kankazima injini ikalira, kusonyeza kuti moto ukulowa. Madzulo ankasiya batire itakhuta, m'mawa n'kuipeza ili ndi njala. Pambali pa mutu umodzi panalinso kamng'alu komwe asidi ankadontherapo. Nanga batire yongokhala m'bokosi ing'aluka bwanji?

Yankho analipeza m'beseni. Akuchapa malaya a mwamuna wake Uladi, nsalu inangonyenyeka m'manja. Atawatambasula anaona tizibowo tambirimbiri paphewa lakumanja, tikutsetserekera kumsana. Kwina konse kunali kwabwinobwino.

Hidaya anakhala pansi, thovu lili m'manja. Uladi anali siginala, munthu woyatsa magetsi m'bwato kuti usipa usonkhane ukonde usanaponyedwe. Masabata amenewo ankabwera ndi usipa wambiri, iye n'kumakazinga, n'kumayamikira mwayi wa mwamunayo. Kani mwayiwo unkachokera m'bokosi la thalakitala! Anamuona m'maganizo atasenza batire paphewa, ikukagubuduka m'bwato, kenako akuibwezera n'kukhomerera mawaya ndi mwala. Anapsa mtima, komanso anachita manyazi ngati waba ndi iyeyo.

Uladi akumwa tiyi, Hidaya anayala malayawo pamkeka.

"Bambo a Nasra, njenjete za kuno zayamba kusankha phewa?"

Uladi anayang'ana malaya, nayang'ana kapu yake.

"Ndimangobwereka, amayi. Batire ya eni ukonde inafa. Siginala wopanda magetsi ndi ndani? Wallahi, sindimadziwa kuti ikutha."

"Simumadziwa? Asidi wadya malaya, wadya chitsulo, tsopano akudya dzina langa. Ndikanena zoona, akutchulani mbava pakhomo pa mzikiti. Ndikakhala chete, ati mkazi wapha thalakitala. Ndisankhe chiti?"

Hidaya anakwinya malayawo n'kuwaponya pakona. Mumtima anali atasankha kale: mwamuna wake samutchula, koma makiyinso sapereka.

Anatenga soda wake wophikira therere, nasungunula m'madzi otentha. Anamasula mawaya, wakuda poyamba monga ankanenera bambo ake, nathira madziwo pamitu pa batire mosamala kuti asalowe m'kati. Ufa uja unachita thovu, ukulira kuti fwaa. Anakwecha ndi mswachi wakale mpaka mtovu unawala, natsukanso bokosi lonse. Kamng'alu anakamata ndi guluu wolimba, ngakhale ankadziwa kuti n'kongogwirizira, batireyo masiku ake atha. Anawonjezera madzi a batire ogula ku Mangochi, osati a pamjigo amchere aja, namanga mawaya ndi sipanala, napaka girizi.

Chinatsala ndi moto. Lachinayi anaitana amayi anzake a m'kalabu, ena ana ali kumsana.

"Tikankhe ifeyo?" anaseka Asiatu, mnansi wake. "Chinjovu chimenechi?"

"Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Tingoifikitsa pamtsetse paja."

Anakankha akutukwana mchenga, zitenje zikumasuka. Itayamba kutsetsereka, Hidaya anasiya kalachi, thalakitala inakhosomola, inalavula utsi wakuda, n'kubangula. Tsiku lonse analima munda wa Asiatu osazimitsa injini, kuti alitaneta idyetse batire. Madzulo anakhoma loko pabokosi, kiyi wake namangirira kunsonga ya chitenje. Uladi anaona lokoyo, ndipo kunyanja sanapite.

Lachisanu amuna anatuluka mu mzikiti atavala mikanjo yoyera, nazungulira thalakitala. Hidaya anakwera napotokola kiyi. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Amayi anaimba nthungululu.

Che Sumani sanasekerere.

"Lero yalira, inde. Nanga masiku onse aja chimaipha n'chiyani? Ngati woyendetsa sadziwa nthenda ya makina ake, mawa idzafanso minda ili pakati. Tiyankheni, mayi."

Hidaya anagwira chiwongolero mwamphamvu. Yankho linali pamlomo, koma analimeza. Che Sumani anatambasula dzanja kuti alandire makiyi.

Apo Uladi anatuluka pakati pa anthu. Anavula mkanjo wake pang'onopang'ono, naupinda, naupatsa munthu amene anaima naye pafupi. M'kati anali atavala malaya aja. Anatembenuka kuti onse aone phewa.

"Che Sumani, musafunse mayi a Nasra. Funsani phewa ili. Ndi limene limanyamula batire yanu kupita nayo kunyanja."

Injini inkangogundabe. Dzanja la Che Sumani linatsika lokha.

Hidaya sanafune kuti amuna amuone akulira. Analowetsa giya nalunjika kumunda wotsatira. Atafika pokhota anacheuka. Uladi anali chiimire pakati pa mikanjo yoyera, mphepo ya mvula ikulowa m'zibowo za malaya ake.