Chikho M'nyumba ya Maliro

Etta analongedza chikwama chake Lachisanu, n'kuchiimika pakhomo penipeni kuti aliyense wolowa m'nyumba yawo ya ku Woolwich, mu London, apunthwe nacho. Woyamba kupunthwa anali mwamuna wake, Bonface, kochi wa timu ya basiketibolo ya anthu olipidwa, chimunthu chachitali ngati mlongoti, amene anyuzipepala ankamutama kuti ali ndi maso anayi. Maso anayiwo chikwama sanachione. Chala chinangoti khu!

"Ichi n'chiyaninso, mayi a Chelsea?"

"Chikupita ku Wembley kwa achemwali anga, ine ndi mwana pambuyo pake. Mawa kukubwera ankhoswe."

"Mawa? Mawa tili ndi gemu ku Sheffield! Basi ikudzanditenga masana."

"Ndikudziwa. Tsikulo ndasankha ndine."

Mlandu wake unali uwu. Mu Januwale mayi ake a Etta anamwalira kumudzi ku Ntcheu, ndipo uthenga unafika m'mawa wa tsiku la fainolo ya timu ya Bonface. Amalawi satha kulira patali osasonkhana. Anthu a kutchalitchi anadzaza nyumba, mipando anaikankhira kukhoma, amayi anakhala pansi atamanga zitenje pamwamba pa majinzi. Pamaliro a apongozi, mkamwini ndiye amaima pakhomo kulandira anthu, ndiye amathamangira shuga akatha. Bonface anati, "Ndibwera ikangotha," n'kupita. Anabweradi madzulo, atakumbatira chikho ngati khanda, akununkha mowa umene anyamata ake anamuthira kumutu. Anatsegula chitseko nyimbo ya maliro ili pakati. Nyimboyo inafera pakhosi. Munthu wa maso anayi anasowa poika chikho chija, mpaka anachikhazika pathebulo, pambali pa chithunzi cha malemu.

Nkhani imeneyi inayenda wapansi kuchokera ku Lewisham mpaka ku Wembley osakwera basi. Etta akalowa m'tchalitchi ankamva zikope za anthu zikumukanda kumsana.

Patangopita masabata pang'ono, yunivesite ina ya pafupi ndi kwawo inamufuna Bonface kuti azikaphunzitsa timu ya ophunzira. Magemu Lachitatu masana basi, Loweruka ndi Lamlungu azipuma kunyumba. Etta, amene ankachoka kushifiti kuchipatala n'kumakatola mwana m'makomo mwa anthu ngati katundu woiwalika, anati Mulungu wamva. Bonface anaseka mpaka kugwira firiji.

"Ine? Kochi wotenga chikho ndikalimbane ndi ana ogwira mpira ngati dzungu lotentha?"

Kuseka kumeneko ndiko kunalongedza chikwama.

Loweruka m'mawa anafika a Abednego, malume ake a Bonface, amene anayendetsa basi mu London mpaka tsitsi kuyera, ndipo chiyambire sanafulumirepo ndi munthu aliyense. Nawo a Betty, azakhali ake a Etta, nkhoswe ya kuchikazi, anafika ndi handibagi yawo yaikulu ngati mbuzi. Bonface anakhala atavaliratu zovala za timu, bondo likugwedera.

Kunayamba malonje. A Abednego anafunsa za moyo wa aliyense, mmodzimmodzi, mpaka za chifuwa cha Chelsea cha chaka chatha. Kenako azakhali anapemphera. Pempherolo linayambira ku Woolwich, linadutsa ku Ntcheu, linayendera odwala, akaidi ndi boma. Foni ya Bonface inali kunjenjemera m'thumba. Anali Crispin, womuthandizira wake.

"Malume, mwina tingofika pamutu..."

"Khala chete, iwe. Pano si pabwalo pako. Ulankhula ndikakupatsa mpata. Tiyi ali kuti?"

Ketulo itawira, Etta anapatsidwa mpata. Anali atakonza zolankhula mwaulemu, koma atangoona bondo lija likugwederabe, ulemu unathawira pawindo.

"Taonani, azakhali! Ngakhale pano mtima wawo uli m'basi. Mwana uyu anabadwa iwo ali ku Glasgow. Anabatizidwa iwo ali ku Newcastle. Mayi anga, amene ankawatumizira chiponde chaka chilichonse, anawalira ndi chikho! Ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi wezulo? Anyamata awo akaphonya mpira, iwo amalumpha, kukalipa, kuponya thaulo pansi. Ine ndikalira amati, 'Tikambirana gemu ikatha.' Gemu yake iti? Imatha liti? Ntchito yapezeka yoti azigona pakhomo, akuti njonyozeka. Ndiye kuti wonyozeka ndine!"

Bonface analephera kupirira.

"Mukudziwa chiyani za mpira inu nonse? Wokwera mtengo satsika kukatola zakugwa! Tchulani kochi mmodzi wopambana amene anasiya akatswiri n'kupita kukapukuta mamina a ana asukulu. Kumeneko mwana ukamuphunzitsa bwino, wamaliza digiri, wapita. Wina akuti sabwera ali ndi mayeso. Oonerera ake ndi anthu asanu ndi wosesa! Anzanga adzati Bonface watha."

"Anzakowo," anatero azakhali a Betty akuviika bisiketi, "pamaliro paja sindinawaone."

"Sizikugwirizana, azakhali!"

"Usandikwezere mawu, iwe. Kumudzi tinali oyandikana, ndinakuona uli ndi thewera, lalitali ngati katani."

Apo m'pamene hutala inalira pansi pamsewu. Pi-piii! Basi ya timu inali itafika. Bonface anadzuka, mutu kutsala pang'ono kugunda getsi.

A Abednego anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Chitseko sichinakhomedwe, mphwanga. Koma ukudziwa mwambo. Wodzuka pamaso pa ankhoswe mlandu usanathe, wauweruza yekha. Ukatuluka, ife tiperekeza mayiyu ku Wembley, ndipo usadzandiimbire."

Etta anapita kukagwira chikwama chake. Mumtima ankati atuluke, atuluke ndione, ndimuwotchere nsapato zake zonse zonga mabwatozo. Komabe khutu lake linali tcheru kumapazi a mwamunayo.

Pi-piii!

Bonface anayenda. Anadutsa thebulo lija la chikho, anafika pamphambano ya chitseko ndi windo, n'kuima. Anayang'ana dzanja la mkazi wake pachikwama. Kenako anakankha windo mwaukali mpaka katani kuthothoka.

"Crispin! Pitani! Ndati pitani, ndiwe gonthi? Ndipo wamtali wawo uja musamusiye yekha pansi pa neti, ndikupha!"

Basi inazengereza, kenako inalira n'kukhota. Bonface anadziponya pampando, nkhope ili ndwii. Foni inayambanso, tsopano mwini timu. Mawu ake ankamveka chipinda chonse, Chingerezi cha m'mphuno chosafunika womasulira: kochi wosiya timu pamsewu asavutike kubwera Lolemba.

"Mwasangalala?" anakalipa Bonface ataponya foni pasofa. "Mwandigwetsa! Ndipita kwa ana anuwo. Koma adzathamanga mpaka kusanza madigiri awo!"

"Athamange," anatero a Abednego. "Tsopano mpata ndakupatsa. Lankhula ndi mkazi wako."

Munthu wolalata mabwalo athunthu anatembenukira kwa mkazi wake. Anatsetsereka pampando, maondo aatali aja n'kugunda pansi.

"Mayi a Chelsea... za amayi zija. Ndinalakwa."

Etta anamuyang'ana kuchokera pamwamba, koyamba chikwatirane. Mkwiyo sunathe, ayi. Mkwiyo wa maliro sutha ndi tiyi mmodzi. Koma dzanja linasiya chikwama.

"Lolemba mupite kuyunivesiteko, ndipo ndikuperekezani ndekha mpaka pageti. Mwezi wa mawa tikukwera ndege, mukagwade pamanda a mayi anga. Opanda chikho."

"Nanga chikwamachi? Sitichichotsa pakhomo?"

"Chikhale pomwepo mpaka Lolemba. Muzichilambalala."

Madzulo ake anapunthwa nachonso, chala chomwe chija.