Makina Osakalamba pa Pepala

Amuna anga ndi manejala, koma tsiku limenelo anafika kunyumba manja ali bii ndi girisi. Makina odulira misomali anali atafanso. Fakitale yawo ndi yaing'ono, ili pansi pa kampani yaikulu ya kunja, ndipo eni akewo anali atanena mosapsatira kuti katundu akapitiriza kuchepa, atseka. Antchito onse akanakhala pa ulova, ifenso momwemo.

"Ndapempha makina atsopano mpaka kutopa," anadandaula. "Akuti pa malipoti athu makinawa ndi abwinobwino."

Aneba athu, mayi wowerengera chuma cha makampani, anali pakhonde kudzabweza simbi.

"Pepani achimwene, ndalowerera," anatero. "Makinawo mumawalemba pa mtengo wanji?"

"Umene tinagulira. Ndi mmene tinazolowerera."

"Ndiye kuti pa pepala sakalamba! Eni ake a fakitale yanu amatsatira miyezo ya padziko lonse yolembera malipoti a chuma. Miyezoyo imati mtengo wa makina uzitsika chaka ndi chaka, ndipo akawonongeka muzinena. Iwo akuganiza kuti inunso mumatero."

"Koma ife sitigulitsa masheya kwa anthu. Zikutikhudza bwanji?"

"Malipoti anu amakaphatikizidwa ndi awo. Mukamalemba mosiyana, akumvani bwanji?"

Amuna anga anakanda m'mutu. "Phindu lionekatu lochepa. Sandichotsa ntchito?"

"Mwina akwiya," anayankha aneba, "koma aona zoona."

Apa mpamene ndinawanyadira bambo a ana angawa. Munthu amene savomera ngakhale atasochera njira, anatenga akalaliki ake kupita nawo ku maphunziro a miyezoyo, bambowo n'kukhala nawo pabenchi, magalasi ali pamphuno. Lipoti latsopano linatuluka phindu litaonda zomvetsa chisoni. Analisaina n'kulitumiza kwa eni ake a fakitale, ine mtima uli m'mwamba.

Eni ake anaimbadi foni atakwiya, koma chowakwiyitsa chinali china. "Bwanji simunanene kale kuti makina atha chonchi?"

Makina atsopano anabwera pa lole, antchito akuwomba m'manja pageti. Palibe amene anachotsedwa, ndipo ine ndinalira ndi chimwemwe.

Kampani yanu ikakhala pansi pa ina, ngakhale isagulitse masheya, funsani akatswiri za miyezo ya padziko lonse ndipo muitsatire. Eni ake sangathetse vuto limene malipoti anu akulibisa.